Kufufuza umwini wa nyumba dipoziti itapita kale: nkhani ya mayi ndi mwana wawo wa ku Joni

Ntchito yanga ndi yofufuza umwini wa malo ndi nyumba. Munthu akafuna kugula puloti, kapena kubwereketsa ndalama potenga nyumba ngati chikole, amandituma kuti ndikaone zimene zalembedwa m'kaundula wa boma, ndikaone malowo ndi maso, kenako ndimulembere zimene ndapeza. Sindine loya ndipo sindilemba zikalata zosinthira umwini, chifukwa imeneyo malamulo adaisiya m'manja mwa maloya. Ntchitoyi ndidaiphunzira ndili kalaliki pa kampani ina ya maloya ku Lilongwe, koma pano ndimagwira pandekha. Ukakhala pawekha palibe bwana woti ayime pakati pa iwe ndi kasitomala. Amene wakutuma ndi yemweyo amene akulipire, ndi yemweyonso amene uyenera kumuuza nkhani imene sakufuna kumva.

Nkhani iyi idachitika kumayambiriro kwa chaka cha 2024. Ndaisankha chifukwa mudali makasitomala a mitundu iwiri imene imativuta kwambiri, onse m'banja limodzi: wina wosadziwa chilichonse cha zamalo, wina wodziwa pang'ono koma wosafuna kuuzidwa. Mayina ndi nambala ya malo sinditchula.

Amene adandituma

Adayamba kundiimbira ndi mayi wina amene adapuma pa ntchito ya uphunzitsi wa ku pulayimale. Moyo wawo wonse adakhala m'nyumba za sukulu, ndipo atapuma adayamba kukhala m'nyumba ya lendi. Mwana wawo wamwamuna, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, adafuna kuwagulira nyumba ku Area 49, mumzinda wa Lilongwe. Nyumbayo adaiona pa Facebook, adalankhula ndi ajenti pa WhatsApp, ndipo pamene mayiwo ankandipeza n'kuti dipoziti yokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wonse itatumizidwa kale kwa wogulitsa. Umboni wa ndalamazo kadali kapepala kolembedwa pamanja, kosainidwa ndi wogulitsa, ajenti ndi mboni imodzi imene idali mnzake wa ajentiyo.

Changu cha mwanayo chidali ndi maziko. Mu Novembala 2023 Reserve Bank idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo izi zidabwera pamwamba pa kutsitsa kwa 25 peresenti kwa mu Meyi 2022. Mitengo ya simenti ndi malata inkasintha sabata ndi sabata, ya nyumba nayonso. Aliyense amene adali ndi ndalama pamanja ankafuna kuisandutsa njerwa isanasungunuke. Ajenti adamuuzanso kuti pali munthu wina amene akubwera ndi ndalama zonse Lachisanu. Mawu amenewa ndimawamva pafupifupi pa nyumba iliyonse, ndipo nthawi zina amakhala oona.

Amene adaumirira kuti pakhale kafukufuku adali mayiwo, atamva kwa mnzawo wa kumpingo kuti malo amafufuzidwa ku Lands. Koma kufufuzako sankadziwa kuti n'chiyani. Funso lawo loyamba lidali lakuti, "Bambo, mukangodinda kuti nyumbayo ndi yabwino, tingalowe liti?" Iwo ankaona ngati ndili ndi chidindo cha boma. Mwana wawo ankaona ngati ndine dobadoba wina amene wapeza mpata wodyerapo. Uthenga wake woyamba udali wakuti, "Akulu, taitolo ndaiona ndekha pa video call, ndi orijino. Inu mukungofuna kukondweretsa madala. Pangani mwachangu."

Mgwirizano ntchito isanayambe

Ndi makasitomala otere sindiyamba ntchito popanda pepala. Ndidalemba tsamba limodzi m'Chichewa, ndidawawerengera mayiwo mokweza, n'kutumiza chithunzi chake kwa mwana wawo kuti ayankhe kuti wavomera. Mudalembedwa kuti ndikachita official search (kupempha ofesi ya kaundula wa malo kuti ipereke pepala loonetsa zimene zalembedwa pa malowo), ndikaona za ground rent (lendi ya malo imene imalipidwa ku boma) ndi misonkho ya khonsolo, ndikafika pa nyumbayo n'kulankhula ndi aliyense wokhalapo, kenako ndipereka lipoti lolemba. Mudalembedwanso zimene sindichita: sindiyeza malire chifukwa ndi ntchito ya saveya, sindinena mtengo woyenera wa nyumba, sindikhala mboni pa kugulitsana, ndipo ndalama za kugula sizidutsa m'manja mwanga. Chiganizo chimene ndidachibwereza kawiri ndi chakuti malipiro anga ndi a kufufuza, ndipo sasintha kaya zotsatira zakoma kapena zaipa. Theka adalipira poyamba, theka lina lidali loti adzalipire polandira lipoti.

Ndidafunsanso funso limene ambiri amaliona lopanda ntchito: kasitomala wanga ndani kwenikweni? Ndalama n'za mwana, koma nyumba idzalembedwa dzina la ndani? Mwanayo adati la mayi ake. Ndiye tidagwirizana kuti lipoti ndidzapereka kwa onse awiri tsiku limodzi, ndipo palibe amene angandiuze kuti ndibise kanthu kwa mnzake. Pa nthawiyo onse adavomera mosavuta, poti sankaona chimene chingabisidwe.

Zimene zidali m'kaundula

Kuno kwathu malo a m'tauni amalembedwa m'njira ziwiri. Ena akadali pansi pa Deeds Registration Act, kumene boma limasunga zikalata zimene anthu adagulitsirana, ndipo wofufuza amayenera kulondola chikalata ndi chikalata kubwerera m'mbuyo kuti aone ngati mndandandawo sudadukepo. Ena ali pansi pa Registered Land Act ya 1967, kumene malo alionse ali ndi tsamba lake m'kaundula ndipo tsambalo ndilo umboni wa umwini. Nyumba iyi idali ya mtundu wachiwiriwu, ya liizi ya zaka 99 yochokera ku boma. Tsamba lotere lili ndi magawo atatu. Loyamba limafotokoza malowo. Lachiwiri limatchula mwini wake ndi chilichonse chomuletsa kugulitsa. Lachitatu limaonetsa ngongole ndi zina zimene zamangirira malowo.

Gawo loyamba lidagwirizana ndi certificate of lease, chikalata cha liizi chimene wogulitsa adaonetsa. Mwana uja sadaname, chikalatacho chidalidi chenicheni. Koma dzina la m'gawo lachiwiri silidali la wogulitsa. Lidali la bambo ake, amene adamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Mayina awo oyamba amayamba ndi chilembo chimodzi ndipo mfunda ndi womwewo, kotero munthu woona pa foni sakanazindikira. Wogulitsayo adali mwana woyamba wa malemu, ndipo chikalatacho adachitenga m'chikwama cha bambo ake maliro atatha. Iye mwini ankakhulupirira kuti poti ndi wachisamba ndipo pepala lili m'manja mwake, nyumba ndi yake. Anthu ambiri amaganiza chomwecho. Lamulo silitero. Mwini malo akamwalira osasiya wilo, pamafunika letters of administration, chikalata cha khoti chopatsa munthu mphamvu yoyang'anira chuma cha malemu, ndipo amene wapatsidwa ndiye amalembedwa m'kaundula ngati woyang'anira chuma cha masiye. Ndi yekhayo amene angasaine chikalata chosinthira umwini, ndipo amatero m'malo mwa onse oyenera kupindula. Deceased Estates Act ya 2011 imaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, komanso ena amene ankadalira malemu, ndipo kutenga chuma cha masiye popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo limeneli.

M'gawo lachiwiri lomwelo mudali caution, chenjezo limene munthu amalembetsa m'kaundula ponena kuti ali ndi gawo pa malowo. Adaiika adali mkazi wachiwiri wa malemu, mayi womupeza wa wogulitsayo, ponena kuti iye ndi ana ake aang'ono ali ndi gawo pa nyumbayo. Caution ikakhalapo, wolemba kaundula salembetsa kusintha kulikonse kotsutsana nayo pokhapokha woiikayo atavomera kapena khoti litalamula. Imachoka ngati mwini wake waichotsa, ngati khoti lalamula, kapena ngati wina wokhudzidwa wapempha wolemba kaundula, amene amayamba wadziwitsa woiikayo n'kumupatsa mpata wotsutsa. Choncho ngakhale mwana wa ku Joni akadalipira ndalama zonse Lachisanu lija, dzina la mayi ake silikadalowa pa tsambalo.

Gawo lachitatu lidaonetsa charge (chosonyeza kuti nyumba idaikidwa chikole pa ngongole) ya banki ina, yolembetsedwa malemu akadali moyo, ndipo padalibe cholembedwa chosonyeza kuti idachotsedwa. Apa m'pamene wofufuza ayenera kudekha, chifukwa n'kosavuta kuthamangira kwa kasitomala n'kunena kuti nyumba ili pa ngongole. Kawirikawiri banki ikabwereketsa ndalama imasunga chikalata cha nyumba mpaka ngongole itatha. Chikalatachi chidali kunyumba, m'chikwama. Izi zidandipatsa maganizo akuti malemu adamaliza kubweza, banki idawabwezera chikalata, koma iwo sadapite kukalembetsa discharge, kalata yochotsa charge m'kaundula. Zimachitika kwambiri: munthu akamaliza ngongole amasangalala, n'kuika mapepala m'kabati. Koma maganizo anga si umboni, ndipo banki siingandiuze ine za akaunti ya munthu wina. M'lipoti ndidalemba kuti charge ilipo, kuti pali chifukwa choganizira kuti idalipidwa, ndi kuti woyang'anira chuma cha masiye yekha ndiye angakatenge kalata ya banki yotsimikizira.

Ground rent idali isanalipidwe chimwalirire bambowo, ndipo ku khonsolo ya mzinda kudalinso ngongole ya city rates. Izi zokha sizilepheretsa malonda, zimangofunika kudula pa mtengo. Koma liizi ya boma siisinthidwa dzina popanda chilolezo cha Unduna wa Zamalo, komanso pamafunika tax clearance ya ku MRA (kalata yosonyeza kuti za misonkho zili bwino), ndipo ngongole zotere zimatulukira pomwepo.

Pa nyumba penipeni

Kaundula sanena zonse. Registered Land Act imateteza ufulu wa munthu amene akukhala pamalopo ngakhale dzina lake lisalembedwe paliponse, pokhapokha ngati adafunsidwa n'kubisa. N'chifukwa chake ndimagogoda khomo lililonse la mumpanda n'kufunsa kuti, "Mukukhala pano ngati ndani?"

Nyumba yaikulu idali yopanda munthu, yopentedwa kumene. Ajenti adandionetsa zipinda, matailosi, thanki ya madzi, kenako adalunjika kugeti. Kuseri kudali boyizi kota yokhala ndi zovala za ana pachingwe ndi kadimba ka mpiru. Ajenti adati ndi alendi amene atuluka kumapeto kwa mwezi. Nditapita kukapereka moni, ndidapeza kuti ndi mayi amasiye aja amene adaika caution. Adandipatsa mpando, ndipo nditadzifotokoza adalankhula mosakweza mawu. Adati adasamukira kuseri kuti nyumba yaikulu ichite lendi yolipirira ana sukulu, koma mwana wopezayo adatulutsa alendi, n'kupenta, n'kuyamba kubweretsa anthu odzaona. Caution ija adaiika atalangizidwa ndi a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa zamalamulo anthu osatha kulipira loya. Sadali okana kugulitsa. Chimene ankakana n'choti ndalama zilandiridwe ndi munthu mmodzi iwo ndi ana awo n'kutsala pamsewu.

Adandifunsa ngati ogulawo adapereka kale ndalama. Ndidawayankha mwaulemu kuti zimenezo sindingayankhe, chifukwa ndi za amene adandituma. Adagwedeza mutu ngati munthu amene wamva yankho.

Ajenti atandiperekeza pamsewu adandiuza kuti komishoni ndi yaikulu ndipo tingathe kumvana. Sindimayankha zotere ndi ukali, chifukwa mawa ndidzamupezanso pa nyumba ina. Ndidangomuuza kuti amene amandilipira ndi mmodzi, ndipo mawu ake ndiwalemba m'lipoti. Ndidawalembadi.

Kuwauza mayi

Munthu wosazolowera zamalo sumupatsa lipoti la masamba asanu n'kuchoka. Amalilandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kukaliika m'Baibulo osaliwerenga. Komanso mawu ngati caution ndi charge akawamva amangoti inde, chifukwa safuna kuoneka wosadziwa, makamaka mphunzitsi amene wakhala akufunsa ena mafunso kwa zaka zambiri. Ndidapita kwawo, ndidakhala pansi, n'kuyamba ndi yankho osati mbiri: "Mayi, musaperekenso ndalama iliyonse. Amene akukugulitsaniyo lero alibe mphamvu yogulitsa nyumbayi." Ndidasiya kaye kuti mawuwo afike. Kenako ndidawaonetsa pepala la official search n'kuwapempha kuti awerenge okha dzina limene lili pamenepo, ayerekeze ndi dzina la pa kapepala ka dipoziti. Adawerenga kawiri. Anthu amakhulupirira chimene aona ndi maso awo kuposa chimene wawauza, ndipo ndi bwino kuti akwiyire pepala kusiyana n'kuti azikayika ngati wawanamiza.

Za mayi amasiye aja adazimva msanga kuposa zonse. Iwonso ndi amasiye, ndipo adaona achibale a amuna awo akunyamula mipando. Sindidafunike kufotokoza lamulo la 2011 kawiri. Adangoti, "Ndiye ine ndikalowe m'nyumba mnzanga akulira kuseri?"

Pomaliza ndidawapempha kuti andifotokozere okha zimene amva, ngati akuuza mnzawo wa kumpingo uja. Apa m'pamene padatulukira chimene sadamve: ankaganiza kuti poti wogulitsa walakwa, a Lands ndi amene abweze dipoziti. Tidabwerezanso kuti kaundula amangosunga zolembedwa, ndipo ndalama zili kwa munthu amene adazilandira. Kuzibweza kufuna kukambirana naye, zikalephera loya ndi khoti. Ndidawapatsa mayina a makampani atatu a maloya kuti asankhe okha, n'kuwauza kuti angathe kufunsa ku Malawi Law Society ngati loya amene asankhayo ali ndi chilolezo cha chaka chimenecho. Sinditchula loya mmodzi yekha, kuopa kuti kasitomala angaganize kuti ndili ndi gawo.

Kenako adandipempha chinthu chimene ndinkachiyembekezera. "Bambo, mwana wanga musamuuze zonse lero. Amagwira ntchito usiku, ndalama zimenezi wazivutikira. Muzimuuza pang'onopang'ono." Ndidawakumbutsa pepala lathu lija. Ndidawauzanso kuti ajenti ali ndi nambala ya mwana wawo, ndipo ngati ife tichedwa, iye ndiye ayambe kulankhula, mwinanso kumupempha ndalama zina zoti akonzere mapepala. Adavomera kuti tiimbe limodzi usiku womwewo.

Kumuuza mwana

Foniyo idali yovuta. Asanamve zonse adayamba kufunsa kuti ndine ndani, ndidaphunzira kuti, ndipo ndi chifukwa chiyani ndidapita kukalankhula ndi anthu a kuseri pamene adandituma ku Lands. Adati ndasokoneza malonda. Adati ku South Africa zinthu izi zimatha pa kompyuta, kuno timakonda kuvutitsana. Adatinso mwina pali munthu wina amene akufuna nyumbayo ndipo wandipatsa kangachepe.

Zaka zimene ndagwira ntchitoyi zandionetsa kuti kasitomala wovuta kwambiri amakhala amene walipira kale. Safuna kafukufuku, amafuna munthu woti amuuze kuti sadalakwitse. Mnyamatayu adali atauza abale onse kuti wagulira mayi ake nyumba. Makatani adali atagula kale ku Johannesburg. Mayi ake ndi amene adanena chapansipansi, foni ili pa sipika, kuti adagula mbereko mwana asanabadwe. Mkwiyo wake udali wa munthu amene akuona ndalama za zaka zingapo zikuchoka, ndipo ine ndidali pafupi kuposa wogulitsa. Kudziwa zimenezi kumathandiza kuti usabweze mawu, koma sikusintha chilembo chimodzi m'lipoti.

Ndidamusiya kuti amalize. Za maphunziro anga sindidayankhe, chifukwa mkangano umenewo sutha. Ndidamutumizira chithunzi cha official search n'kumuuza kuti, "Achimwene, musandikhulupirire ine. Pepala ili munthu aliyense angakalitenge atalipira ndalama imene boma limalipiritsa. Tumani mnzanu amene mumamukhulupirira, mupatseni nambala ya malo, akabwere ndi lake." Adatumadi msuweni wake, ndipo lidatuluka chimodzimodzi.

Masiku otsatira mauthenga adasintha mtundu. Adasiya kukana zimene zapezeka n'kuyamba kufuna kuti ndizifewetse. Adafuna kutenga ngongole kuntchito kwake kuti amalize kulipira, ndipo ankafuna lipoti lina lalifupi lonena kuti chikalata n'chenicheni, osatchula caution, poti caution "ichoka posachedwa". Adati alipira kawiri. Iyi ndi mbali imene ndikufuna anzanga ongoyamba ntchitoyi aimvetse, chifukwa pempho lotere silibwera ngati chinyengo. Limabwera ngati kuthandiza munthu amene ali pamavuto, ndipo chiganizo chilichonse chimene akufuna kuti ulembe chimakhala choona. Chikalatacho n'chenichenidi. Koma lipoti la umwini limawerengedwa ndi munthu amene akuganiza kuti chimene sichidatchulidwe kulibe. Kusiya caution n'kunama kwa amene abwereketse ndalamayo, komanso n'kumukankhira mnyamatayo m'dzenje lakuya kuposa limene alimo. Ndidamulembera kuti lipoti ndi limodzi ndipo silisintha, koma ngati zinthu zasintha m'kaundula ndidzachitanso search n'kulemba lina la tsiku limenelo. Ndidamuuzanso kuti mauthenga a usiku ndiziyankha m'mawa, ndi kuti zonse zofunika tizilemberana osati kungoimbirana. Kasitomala wokwiya amakumbukira zimene ankafuna kumva, choncho zolemba zimateteza tonse awiri.

Chimene chidatsitsa mtima wake ndi tsamba lomaliza la lipoti, limene ndimalemba pa nkhani iliyonse yoipa: zimene ziyenera kuchitika kuti malonda atheke. Munthu ukangomuuza kuti ayi amalimbana nawe, koma ukamuonetsa njira amayamba kulimbana ndi njirayo. Ndidalemba kuti banja la malemu ligwirizane za woyang'anira chuma n'kukatenga letters of administration, woyang'anirayo alembedwe m'kaundula, akatenge kalata ya banki n'kulembetsa discharge, mayi amasiye achotse caution mwa kufuna kwawo atagwirizana za gawo lawo, ngongole za ground rent ndi city rates zidulidwe pa mtengo, ndipo ndalama zotsala zisungidwe ndi loya mpaka chilolezo cha Unduna chitatuluka. Ndidaonjezera kuti search ichitikenso tsiku lopereka ndalama, chifukwa pepala la search limanena za tsiku limene latuluka lokha. Adafunsa kuti zonsezi zitenga nthawi yaitali bwanji. Ndidamuuza kuti miyezi osati masabata, ndipo sindingalonjeze tsiku chifukwa zili m'manja mwa khoti ndi banja la eni ake. Sadakondwe, koma kwa nthawi yoyamba adafunsa funso m'malo monena mlandu.

Mmene zidathera

Loya amene mayiwo adasankha adalembera wogulitsa, ndipo padachitika msonkhano wa banja la malemu, malume ake a wogulitsayo alipo. Zidadziwika kuti gawo la dipoziti lidapita ku penti, kwa ajenti ndi ku ngongole za wogulitsayo. Banjalo lidagwirizana kuti mayi amasiye ndi mwana woyambayo apemphe limodzi kukhala oyang'anira chuma. Kalata ya banki itabwera idatsimikiza kuti ngongole idatha malemu akadali moyo.

Koma pamene mapepala ankayenda mitengo idali itakwera, ndipo banjalo lidati mtengo woyamba udali wa munthu mmodzi wofuna ndalama msanga, osati wa banja. Adatchula wina wokwera kwambiri. Pa kapepala kolembedwa pamanja kaja padalibe chowamanga, poti amene adasaina adalibe mphamvu yosainira nyumbayo. Mwana wa ku Joni adakana mtengo watsopanowo, ndipo malonda adafera pomwepo. Wogulitsa adasaina pamaso pa loya kuti abweza dipoziti: gawo lina adapereka nthawi yomweyo, lotsala lidzadulidwa pa gawo lake nyumbayo ikadzagulitsidwa kwa wina. Ndalama zimenezo zidzabwera m'makwacha amene mphamvu yake si ya tsiku limene adazitumiza, ndipo kutaya kumeneko palibe amene adzamubwezere.

Theka lotsala la malipiro anga mnyamatayo adakana kulipira, ponena kuti nyumba sadagule. Ndidamutumizira chithunzi cha tsamba la mgwirizano ndi uthenga wake wovomera, osaonjezera mawu ena. Patapita nthawi mayi ake adabweretsa ndalamazo okha, kuchokera pa penshoni yawo, ndipo ndidawalembera lisiti m'dzina lawo. Iwo akadali m'nyumba ya lendi, ndipo fayilo ya dipoziti yotsalayo ili kwa loya.